Mwana wa Diso

Lolemba, 3 Juni

Mwera sukuleka. Inenso. Khonde ndasesa kawiri, losesa kale. Kwabwera envulopu kuchokera kwa Ikram, mnzake wa Madina wa ku yunivesite. Pepala la kafukufuku lomwe ankalemba awiri, walimaliza yekha. Akuti dzina la mwana wanga lili pamwamba. Mwezi watha tinamuika m'manda, ngozi ya minibasi, lero dzina lili pamwamba. Ndaliyandikitsa pamphuno, ndalitalikitsa. Nkhungu yokhayokha. Zaka zonse zija ndikuphunzitsa masamu, mabuku odzaza kabati, ng'ala yandisandutsa mbuli. Izi ndikulemba ndi zilembo zazikulu ngati za Sitandade 1.

Lachinayi, 6 Juni

Chambo masana. Mutu ndi wanga, mwa nthawi zonse. Ndafika pa diso, dzanja lakana.

Disembala, pamkeka womwewu, Madina anandilanda diso la chambo n'kutulutsa kamkanda koyera kaja timalavula. Anakasenda ndi chikhadabo, chikamba ndi chikamba, ngati anyezi. "Ababa, ili ndi galasi la diso. Lanu lilinso chonchi. Maselo atsopano amabadwira m'mphepete, akale amapanikizidwira pakati. Palibe otayidwa. A pakati penipeni munabadwa nawo." Masamu ake anali a zimenezo: obadwa pachaka ndi angati, liwiro limatsika bwanji munthu akamakula, pakati pamauma liti mpaka kuchita ng'ala. Ine ndinangoti ndiwo zikuzizira.

Kamkanda ka lero kali m'thumba la malaya. Sindikudziwa chifukwa.

Lamlungu, 9 Juni

Kunabwera Dyton, amene ndinamuphunzitsa kale, tsopano amathandiza madokotala a maso ku boma. Opaleshoni pa 26. Yaulere. Yanga ndi thiransipoti yokha, nayonso yochita kusakasaka.

Atachoka, mkazi wanga Asiya anayamba. Amayi anzake amuuza kuti kumeneko amachotsa mwana wa diso. "Mmodzi wapita kale. Mukaperekenso wina?" Ndinamufotokozera ngati m'kalasi: mwana wa diso ndi khomo chabe, kadontho kakuda kolowera kuwala, chochotsedwa chili kuseri kwake. Anangotola mbale. Chichitikireni maliro mkazi wanga amandiitana "inu". "Bambo a Madina" zinatha.

Lachitatu, 19 Juni

Asiya ndinamuseka mumtima. Nanga ine? Ndayenda mpaka pamsika pa Liwaladzi n'kubwerera osagula kanthu. Mutu uli pa masamu. Ngati chaka chilichonse chimasiya chikamba chake, cha 1997 chilimo m'diso muno. Chinabadwa limodzi ndi Madina. Kuwala konse kochokera pankhope pake kunadutsa pamenepo. Tsiku loyamba, yunifolomu yomukulira, gauni.

Ndinajambula pamchenga ndi kamtengo, mizere yozungulira. Ubwana wanga wadya malo onse. Zaka za Madina zapanikizana kumphepete, zopyapyala ngati khoko la adyo. Zimenezo akazichotse, aikemo pulasitiki.

Ndikudziwa kuti galasi silisunga chithunzi. Ndikudziwa. Koma ndikaliumirira, pepala lake sindidzaliwerenga. Ndikafuna pepala, galasi lipite.

Mwera unafufuta mizere ndisanamalize.

Lachiwiri, 25 Juni

Ndipita. Sindipita. Chikwama ndinalongedza, ndinamasula, ndinakakhala pansi pa mango, ndinadzukapo. Dyton waimba kawiri, sindinayankhe. Pobwera m'nyumba ndapeza Asiya wachilongedzanso. Envulopu waika pamwamba. Chitenje chake cha ulendo chili pampando.

Lachinayi, 27 Juni

Ku boma. Anachotsa dzulo, diso lamanja. Ndinamufunsa Dyton kuti chochotsedwacho chikuoneka bwanji. "Kanyemba kofiirira, aphunzitsi. Kolimba gwa." Moyo wonse, kanyemba.

M'mawa uno amasula bandeji. Kuwala kobaya, misozi yosaitana. Choyamba kuona ndi imvi za Asiya pansi pa mpango. Sindimadziwa kuti zachuluka chonchi. Kenako envulopu. Tizilembo ting'onoting'ono akuti mpaka ndipeze magalasi owerengera. Koma dzina ndaliwerenga ndekha, chilembo chilichonse.

Ndisanapinde pepala, Asiya anandigwira chibwano pamaso pa odwala onse, iye wamanyazi uja. Anasuzumira m'diso nthawi yaitali ngati woyang'ana madzi m'chitsime.

"Mwana alimo, bambo a Madina."

Sindinamukonze.