Buluzi Wakana Kupita kwa Ogula Zitsulo

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko kumene simudwalanso mawondo? Kuno tadzuka. Chimanga chaka chino chatinamiza, mvula inathawa chili pa ngayaye, koma nshawa za m'munda mwanu zabereka. Mdzukulu wanu Tisa wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu, ndipo amalira mokalipa ngati inu nomwe.

Koma nkhani imene yandikhazika pansi ndi ya Buluzi. Mukuikumbukira motoka yanga yofiira ija, ya mipando iwiri, imene abwana anandisiyira potseka galaja ku Lusaka? Dzinalo munaipatsa ndinu, tsiku lija ndinakutengerani kuchipatala, mukuti, "Iyi siyenda, ikwawa." Chiikireni inu m'manda, Buluzi anayamba kudontha mafuta ofiira kutsogolo, chiwongolero n'kuuma ngati ukupotokola nyanga ya ng'ombe. Vuto linali pa raki, chitsulo chachitali cha mano chija chimene chimakankha matayala a kutsogolo ukakhota. Timarabala take totseka mafuta tinatha.

Ndiye achemwali anga ba Esinati ndi mwana wanga Yosefe, uja wa ku ofesi ku Lusaka, anandikhalira upo pa nkhani yovundukula mwala wanu Loweruka likubwerali. Ba Esinati akuti, "Iwe Lazaro, nkhalamba na motoka ya anyamata! Siinyamula na thumba limodzi la chimanga. Alendo akabwera ku mwala asapeze chitsulo chogona pabwalo monga nyumba ya nkhuku." Anagwirizana kuti ikapanda kuyenda pofika tsikulo, aitana ogula zitsulo adzaiduledule. Ine ndinangoti, tiona.

Yosefe si mwana woipa, Amayi. Anaitanitsa raki yatsopano pa foni kuchokera kunja, inabwera m'bokosi yonyezimira. Akuti, "Atate, zakale ni zakale, ikani iyi." Ndinaigoneka pansi pafupi ndi yakale. Ha! Khosi lake lolowetsamo chiwongolero lili kumanzere. Ndi ya kumaiko kumene dalaivala amakhala mbali inayo! Mwana wa masukulu anawerenga manambala onse pa bokosi, osafunsa kuti atate ake amakhala mbali iti. Sindinamuseke pamaso, ndinakasekera kuseri kwa nkhokwe. Iye anati basi zatha, motoka ipite. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira mawu anu aja, akuti khasu likaguluka sulitaya, umalikhomeranso.

Ndinaimasula yakale ija ndekha. Mukudziwa kuti pensulo ndi ine sitinamwerane madzi, koma pomasula mitu ya kumapeto kwa raki pamafunika kudziwa kuti wazungulitsa kangati, apo ayi matayala amayang'anana ngati maso a bilimankhwe. Ndinatenga luzi, kuzungulitsa kumodzi mfundo imodzi, monga munkawerengera masiku atate ali ku migodi. Luzi la kumanja ndinalipaka makala kuti ndisasokoneze.

M'kati ndinapeza dzimbiri pang'ono pa mtengo wake wachitsulo. Masiku atatu ndinakhala pansi pa mtengo wa mango, kupukuta ndi sandipepa yonyowetsa m'mafuta, mpaka chala chikamadutsa osamva kanthu. Anthu a maploti atsopano aja ku Chalimbana, odutsa ndi mamotoka awo aataliatali, ankatsitsa galasi n'kundipatsa moni wachipongwe: "Shani ba mudala, ndege inyamuka liti?" Ine ndinkati, "Mukaimva kulira mupatuke." Timarabala takale ndinatiika m'thumba la malaya, ulendo ku Lusaka, sitolo ndi sitolo. A mamotoka anandibweza onse. Ndinakatipeza kwa ogulitsa zipangizo za mathirakitala, nditayeza ndi zala zangazi. Polowetsa, mano a raki ndinawakulunga ndi pepala la pulasitiki la shuga kuti asang'ambe rabala. Zimenezo sizilembedwa pa bokosi, Amayi.

Dzulo m'mawa raki ija ndinaibwezera m'motoka. Ndinakweza matayala pa jeke, kuthira mafuta ofiira, kuliza injini. Pampu ya mafuta a chiwongolero inayamba kulira ngati kankhumba kanjala. Ba Esinati, atakhala pakhonde, akuti, "Wamva? Ikutsanzika." Koma khutu langa linadziwa kuti ndi mpweya chabe wotsala m'mapaipi. Ndinakhotetsa kumanja mpaka kumapeto, kumanzere mpaka kumapeto, pang'onopang'ono, kuwonjezera mafuta, kubwerezanso. Thovu linatha. Kulira kuja kunatsika, kunatsika, zii. Ndinayala nyuzipepala pansi pake, tinadya, tinamwa tiyi, ndinakaisolola ili youma gwa.

Ndinaitsitsa pa jeke ndi kuyenda nayo mpaka ku Chalimbana ndi kubwerera, chiwongolero ndikutembenuza ndi zala ziwiri. Ndikusiya manja, iyo ikungolunjika, mfundo zanu sizinaname. Pa ploti ya mmodzi wa ondiseka za ndege aja ndinaimba hutala mpaka agalu ake anabisala.

Tsopano imvani izi. Madzulo ba Esinati anabwera akukoka mapazi, akuti, "Mlongo wanga, Loweruka unganitengeko? Minibasi inipweteka msana." Ndawauza kuti mipando ndi iwiri, wina wanga, wina wanu. Ndayalapo kale chitenje chanu cha chigwirizano cha amayi. Iwo akwere ya Yosefe, pamodzi ndi raki yake ya kumanzere ija, ndamuuza akaipachike ku ofesi. Mwina ndidzawatenga pobwerera, akayamba apepesa kwa Buluzi, osati kwa ine.

Akuti msewu wa ku Bundabunda, kumene mwagonako, wakumbika, motoka yotsika chonchi ikakhala pa mimba. Khasu lanu ndaliika kale kumbuyo kwa mpando. Pamene ikakamire ndikumba, pamene pali dzenje ndikwirira, koma kumanda ndifika ndili pa chiwongolero changa. Ogula zitsulo akafuna chitsulo, adikire adzatenge jeke ine nditagona pafupi ndi inu.

Mupereke moni kwa atate. Loweruka mukamva hutala katatu kunsi kwa manda, musadzidzimuke, ndi Buluzi wanu akukwawa kubwera.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosamva uja,
Lazaro