Thumba Lolemera Ngati Bambo

Lachiwiri, 4 Malichi

Ulendo woyamba wa ku mafizo chitulukireni bambo m'chipatala. Mwendo ndi dzanja lamanja sizikugwirabe. Chikepe cha m'nyumba muno chidafa kalekale, ife tili pansanjika yachinayi, ndiye ndawabereka. Kutsika bwinobwino. Zitsulo ndanyamula zaka zambiri, munthu mmodzi n'chiyani. Pobwerera ndiye nkhani. Pansanjika yachiwiri mpweya wandithera, m'maso mdima. Ndawakhazika pa sitepe, pakhomo pa mayi wosoka zovala, ine wefuwefu ngati galu. Mayiyo atuluka ndi kapu ya madzi, osadziwa kuti apatse ndani. Bambo nthawi yonseyo maso kukhoma.

Lachitatu, 5 Malichi

Achemwali pafoni. Amva kale, khoma lili ndi makutu. Akuti bambo asamukire kwawo, nyumba yopanda masitepe. Zomveka. Koma bambo adanena kale kuti chipinda chimene adamwaliriramo mayi sachisiya. Tagwirizana kuti wa mafizo azibwera kunyumba mpaka tsiku lokaonana ndi dokotala, pa 15 Epulo. Tsiku limenelo ndikalephera kuwakweza ndekha, akupita. Alamu kumbuyoko ndimawamva akuti minofu yanga ndi yojambulitsira.

Loweruka, 8 Malichi

Ndafotokozera Kochi ku jimu. Wandisenzetsa thumba, n'kundikweza masitepe a kuseri, iye pambuyo. Sitinafike patali. Akuti ndikutseka mpweya. Ndi zoona, ndi mmene timanyamulira chitsulo cholemera: kukoka mpweya, kuumitsa mimba, kukweza, kutula, kenako kupuma. "Chitsulo umatula. Nanga bambo ako utula pati?"

Dongosolo latsopano. Lolemba ndi Lachinayi zitsulo, miyendo ndi msana, zopepukirapo koma kobwerezabwereza. Masiku enawo kuthamanga. Ine amene ndinkaseka a pamakina othamangira kuti akuthamangira basi yosafika.

Lolemba, 17 Malichi

Akatumba kuwawa. Kuthamanga n'kotopetsa, palibe kalilole, palibe wokuwombera m'manja. Agalu basi, ndi osesa mumsewu.

Ndadzaza thumba ndi mchenga, ndaliyeza pa sikelo ya kuntchito kuti lifanane ndi mmene bambo adalemerera potuluka m'chipatala. Mayi wosoka alisokerera malamba awiri, akana kulandira kanthu. M'mawa uliwonse kutsika nalo, kukwera nalo. Mpweya kulowa pa sitepe ina, kutuluka pa ina. Ndimachita kudzikumbutsa ngati mwana wophunzira kuyenda. Lero ndapumira pachitatu.

Thumbalo bambo akulitchula kuti mng'ono wawo. Andifunsa ngati mng'ono wawoyo wadya. Iwo eni mbale yabwerera theka.

Lamulungu, 30 Malichi

Sindinalembe, kutopa. Kawiri tsopano ndafika nalo pamwamba osaima. Malaya ayamba kukhwepa m'mikono. Anzanga a zitsulo akuti ndikusungunuka, wina wafunsa ngati ndikudwala. Kochi akuti galu wamkota sakandira pachabe, ndizingomumvera.

Achemwali anabwera ndi zipatso. Mwangozi atulutsa kuti chipinda cha bambo kwawoko apenta kale. Ndinakwiya, ndinangolowa kukhitchini kukatsuka mbale zotsuka kale. Si oipa. Nawonso akufuna bambo awo.

Madzulo ndawameta ndevu. Masaya alowa, lezala silikuyenda bwino. Ndaboola bowo lina pa lamba wawo.

Lachiwiri, 15 Epulo

Dokotala akuti mwendo ukusintha pang'ono, koma azidya. Walankhula zambiri za chakudya, ine maganizo ali pa masitepe.

Achemwali ndi alamu anatiperekeza, iwo pambuyo ndi njinga ya olumala ya bambo. Pachiwiri mayi wosoka ali chilili pakhomo, kapu m'manja. Tadutsa. Pachitatu tadutsa. Mpweya kulowa, kutuluka, miyendo osanjenjemera. Ndafika pakhomo pathu ndikutha kulankhula. Alamu ndi amene anali wefuwefu ndi njinga yopanda munthu. Achemwali anangoti chabwino, akhale.

Ndisanawatsitse, bambo anandinong'oneza kukhutu, ndi lilime lawo lolemera lija: "Usanyade kwambiri iwe. Ndakuthandiza."

Ndinaseka. Ndimayesa akunena zogwira khosi langa ndi dzanja lamanzere.

Lachitatu, 16 Epulo

Tsiku lothamanga, koma mwachizolowezi ndayamba ndi thumba. Nditangoliponya kumsana ndadziwa. Likulemera kuposa bambo. Osati pang'ono.

Masabata onsewa ndimayang'ana miyendo yanga ndi mpweya wanga. Mbale ndimaziona, lamba ndidaboola ndekha. Ndachita mantha.

Kuti lifanane nawo ndiyenera kukhuthulako mchenga. Ndamasula kukamwa kwake, ndaima nalo pakhonde. Ndamanganso mmene linalili.

Sindinathamange. Ndagula mazira, mkaka, chiwindi. Sikelo ya kuntchito ndibwereka Loweruka. Ndawauza bambo kuti tsopano ndi iwo athamangitse mng'ono wawo mpaka alemere ngati iye, ine ndachita mbali yanga. Andiyang'ana, akuti ndiwonjezeko mchere. Adya dzira limodzi. Linalo likadali m'mbale, ndavundikira. Agona, ndikudikira adzuke.