Msomali wa Pamwamba pa Chithunzi

Lamlungu, Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga uli m'mwamba.

Mawa sukulu ikutsegulidwa. Masana ndinapita kukakonza kalasi langa la Sitandade 8 kuno ku Mwenilondo. Ndinasesa, ndinandanda mabenchi, kenako ndinalemba pa katoni zimene ndikufuna teremu ino. Chichewa tiziyamba nacho m'mawa uliwonse, poti ana akuno kwawo amayankhula Chinkhonde ndipo mayeso sawamvera chisoni. Masamu tiziwonjezera Loweruka. Khoma lathu ndi lolimba, msomali sulowa, ndiye katoniyo ndinaipachika pa msomali wakale umene ndinaupeza.

Ndikutsika pa benchi, analowa a tcheyamani a chipani a dera lino. Anayang'anitsitsa khomalo.

"Aphunzitsi, kwanu ku Dedza katoni imakhala pamwamba pa chithunzi cha a Pulezidenti?"

Ndinacheuka n'kuyang'ana kukhoma. Msomali uja unaposa chithunzicho ndi chikhatho chimodzi chokha, ine osaona. Ndinaitsitsa katoniyo, ndinagwada n'kupepesa. Iwo anangoti, "Chabwino, mayi," n'kutuluka. Akanandikalipira bwenzi ndikudziwa kuti zathera pomwepo.

Ahedi akuti ndikhale chete, ndisauze munthu. Koma mwana wa a tcheyamani ali m'kalasi mwangamo, ndipo mawa akhala pa benchi ya kutsogolo kumva mawu anga onse.

Katoni ija ili kunsi kwa bedi. M'mawa ndimafuna ana onse akhoze mayeso. Tsopano ndikungofuna teremu ikamatha idzandipeze ndikugonabe m'nyumba muno. Kumsewu kwaima galimoto, ndipo injini sanazimitse.