Ndinabweza Bakuli la Buluu, Ababa Anandikwiyira

Aphungu,

Ndiyambe ndanena kuti ine sindinalakwe. Ndakulemberani kuti mungotsimikiza zimenezo, kenaka mundiuze momwe ndingawabwezere nzeru ababa anga.

Ndine mayi wa zaka makumi anayi ndi mphambu zingapo, zomwe sizikukukhudzani. Ndinaphunzira mbiri yakale mpaka digiri yachiwiri, ndipo ntchito yanga ndi yolemba mabuku a sukulu. Januwale wa kuno ku Winnipeg mukumudziwa. Ukangotuluka panja nsidze zimauma, galimoto imagona italumikizidwa kumagetsi ngati wodwala wakayakaya, ndipo ukamaliza kukumba chipale chofewa pakhomo, thirakitala ya khonsolo imadutsa n'kukubwezera chonse. Choncho chaka chilichonse ndimakwera ndege kupita ku Arizona, kumudzi wa anthu opuma pantchito kumene makolo anga anasamukira ababa atasiya ntchito ya njanji. Ndimapita kukaona makolo. Zoti kumeneko munthu amathyola lalanje pakhomo atavala patapata, ameneyo ndi basela chabe.

Amayi anatisiya chaka chatha, chisanu chikutha. Ulendo uno ndinanyamuka mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti ndikapeza ababa ataonda, akudya nsomba za m'chitini ataimirira. Aphungu, ndinapeza munthu wonenepa. Lamba anamuboola bowo latsopano. Anandichingamira atavala malaya a maluwamaluwa, akununkhira mafuta omwe amayi anawagulira kalekale iwo n'kuwakana kuti ndi a anyamata a m'tauni.

Nditatsegula furiji ndinaona chomwe chinawanenepetsa. Mabakuli okhaokha, kuyambira pansi mpaka pamwamba. La nkhuku ndi mpunga, la makaroni, la nyemba zofiira, lina sindinadziwe n'komwe kuti chinali chiyani chisanafe. Pansi pa bakuli lililonse panali kapepala komata, polembedwa dzina la mayi ndi nambala ya nyumba yake. Amayi amasiye a m'mudzimo, Aphungu! Ndawerenga za nkhondo zambiri, koma sindinaonepo mzinda utazingidwa mwaluso chotere.

Ndinafunsa kuti, "Ababa, kodi mwatsegula malo odyera?"

Iwo anati, "Ndi anthu achifundo, Halina. Idya, usiye zoyankhula."

Bakuli limodzi lokha silinali m'furiji. Linali la buluu, lotsukidwa bwino, lopanda kanthu, litakhazikidwa pamwamba pa furiji ngati chikho chopambanira mpira. Pansi pake panalembedwa kuti Loretta. Sindinaliganizire kwambiri. Chomwe chinandidetsa nkhawa chinali ufa. M'mawa uliwonse ndinkawapeza ababa kukhitchini, ufa mbuu mpaka m'makutu, akukanda, akupinda, akuponya m'madzi owira. Ankayesa kuphika perogi, timitanda tija timaikamo mbatatesi ndi tchizi, tomwe amayi ankaphika pa Khirisimasi. Timitanda tonse tinkaphulika m'poto n'kusanduka phala. Iwo ankatukwana m'chinenero cha agogo, n'kukataya. Nditafunsa anati, "Ndikungolimbitsa zala, adokotala anatero." Ine perogi ndimawadziwa, amayi anandiphunzitsa ndili wamng'ono. Koma munthu akati akulimbitsa zala, umamusiya alimbitse.

Tsiku lina m'mawa ababa anapita kudziwe kukachita masewera awo odumphadumpha m'madzi. Ine monga mwana wolongosoka ndinakhuthula mabakuli onse n'kuwatsuka, ndinatsitsa la buluu lija, ndinapakira m'kagalimoto kawo ka gofu, n'kuyamba kuzungulira mudzi. Kubweza katundu wa eni ndi mlandu? Pakhomo lililonse ndinathokoza mwaulemu, n'kunena kuti mwana wawo wafika, chakudya sichikufunikanso.

Ena anangoseka. Wina anandifunsa tsiku lomwe ndikubwerera, wopanda ndi manyazi omwe. Koma Mayi Loretta, namwino wopuma wochokera ku Minnesota, wamfupi, wa tsitsi loyera lometa bwino, anatsegula chitseko akumwetulira, ataona ine kumwetulirako kunazima. Anayang'ana kumbuyo kwanga ngati kukubwera munthu wina.

Anati, "Bambo anu, a Orest, ndi amene akutumani?"

Ndinati, "Za m'nyumba muja pakadali pano ndikuyang'anira ndine, mayi."

Anavundukula bakulilo, anasuzumiramo, anavindikiranso pang'onopang'ono. Anati, "Mwalitsuka bwino. Mukawauze kuti ndamva."

Ababa atabwera anaima pakati pa khitchini, thaulo lili m'khosi, maso ali pamwamba pa furiji. Anati, "Halina, bakuli lili kuti?" Nditawauza, anakhala pampando ngati munthu wolandira uthenga wa maliro. Kenaka anandiphunzitsa malamulo a dziko lawolo, omwe sanalembedwe paliponse. Akuti kumeneko bambo wamasiye akalandira bakuli, yankho lake limakhala m'kabwezedwe. Akatuma munthu kukalibweza lopanda kanthu, ndiye kuti zikomo, koma musadzavutikenso. Akalinyamula yekha muli chakudya chophika ndi manja ake, ndiye kuti akugogoda. Mabakuli enawo ankangozengereza nawo poopa kukhumudwitsa anthu. La buluu ankalisungira perogi.

Ndinati, "Perogi wa amayi? Kukapatsa mayi wina?"

Anati, "Mayi ako anandidyetsa zaka makumi asanu. Chakudya chabwino chomwe ndikuchidziwa ndi chimenecho. Umafuna ndikamupatse buledi wowotcha?"

Lachisanu ku holo kunali dansi. Mayi Loretta anavina nyimbo zonse ndi Bambo Duane, mkulu wina wa mano ogula koma wa maso abwino. Ameneyo amatha kuyendetsa galimoto kukada, ndipo m'mudzi umenewo mwamuna wotero ali ngati mwana wa mfumu. Ababa anakhala pafupi ndi tebulo la makeke, osadya ngakhale imodzi.

Pondiperekeza ku bwalo la ndege anandiuza kuti chipinda cha alendo akufuna kuikamo makina opalira matabwa. Anati, "Chaka chamawa udzagule jekete lamphamvu, mwanawe. Ndamva kuti kudzazizira." Chibwerereni kuno, ndikaimba foni amandiuza za nyengo n'kudula.

Tsono Aphungu, onani nokha. Ndinatsuka mbale. Ndinabweza za eni. Ndinateteza nkhalamba kwa anthu omwe sindikuwadziwa, pomwe ngakhale chaka sichinathe amayi chigonereni. Malipiro ake ndi amenewa? Ndiuzeni mawu oti ndiwalembere kuti aone kulakwa kwawo, chipinda chija asachikhudze.

H.K., Winnipeg

Mayi H.K.,

Ndawerenga kalata yanu kawiri, kachiwiri nditaimirira, chifukwa mpando unandikanika. Madigiri awiri a mbiri yakale! Moyo wanu wonse mwakhala mukulemba za anthu omwe anafika m'dziko la eni, osafunsa kanthu, n'kuyamba kulongosola zinthu. Ndiye mwatsika ndege, mwakwera kagalimoto ka gofu, mwakachita zomwezo m'mawa umodzi. Safunsa anadya phula, mayi, ndipo inu mwadya ndi njuchi zomwe.

Kuti simunadziwe mwambo wa mabakuli, palibe angakuimbeni mlandu. Koma bakuli lotsukatsuka lokhala palokha pamwamba pa furiji, ndi bambo wa ufa m'makutu, zimenezo zinkafuula. Ndipo Mayi Loretta anakufunsani funso losavuta, loti kodi a Orest ndi amene akutumani. Yankho loona linali la mawu amodzi: ayi. Inu munasankha lina. Pamenepo ndi pomwe nkhani inasiya kukhala ya kutsuka mbale.

Sindikukunyozani. M'kalata yanu yonse yokometserayo muli mzere umodzi womwe simunaseke, uja wa perogi wa amayi anu. Ndaumva. Zimawawa kuona chakudya cha mayi ako chikulowera khomo lina, ndipo palibe digiri yochiza zimenezo. Lirani, ndi ufulu wanu. Koma taganizani bwino zomwe bambo anu ankachita kukhitchini kuja. Mwamuna woiwala mkazi wake amakagula keke ku sitolo. Iwo ankadzuka m'mawa uliwonse kulimbana ndi mtanda, kufuna kupereka chinthu chabwino koposa chomwe mayi anu anawasiyira. Inu mumati chaka sichinathe. Munthu wa msinkhu wawo sawerenga zaka monga muwerengera inu. Ndipo mukakwera ndege kubwerera kuno, amene amatsala ndi mpando wopanda munthu patebulo ndi iwo.

Mawu oti muwalembere ndilibe, chifukwa wopepesa ndinu. Imbani foni lero, musadikire Lamlungu. Akayamba za nyengo, aduleni mwaulemu, munene kuti, "Ababa, ndinalakwa, pepani." Mukafika pamenepo tsekani pakamwa. Ndikukudziwani anthu ophunzira, mukapepesa mumamangirira "koma" kumchira, kenaka ndime zitatu. Za chipinda musatchule n'komwe.

Mukatero, pemphani nambala ya Mayi Loretta. Mukawauze zoona zokhazokha: kuti palibe anakutumani, kuti bakuli lija bambo anu ankalisunga dala, ndipo munalitenga iwo ali kudziwe. Musawafunsire mbeta bambo anu, pakamwa ali napo. Inu ntchito yanu ndi kuchotsa mwala womwe munaika panjira, basi. Ndipo fulumirani, chifukwa Bambo Duane sakugona, ndipo mwanena nokha kuti mdima sawuopa.

Tsopano chovuta. Munaimirira kukhitchini kuja m'mawa ndi m'mawa mukuona perogi akuphulika, chonsecho mukudziwa chomwe chikulakwika. Zoti mumakhulupirira nkhani ya zala ija, kauzeni ena. Mafoni a masiku ano amaonetsa nkhope. Auzeni bambo anu aimike yawo pafupi ndi chitofu, inu muimike yanu, mukande limodzi. Aonetseni momwe mayi anu ankaupumitsira mtanda, momwe ankatsinira m'mphepete, ndi moto womwe madzi amafuna. Mwina mudzalira pa ufa. Palibe kanthu, mchere umafunika ndithu. Mudzaona kuti chinthu cha mayi anu sichikutha pochigawa. Chikanatha chikanakhala m'manja mwanu mokha.

Mufunsa kuti nanga adzaika muti, poti bakuli la buluu munalipereka kale. Apa ndi pomwe mwayi wakusekererani mosayenera. Atenge bakuli lawo la m'nyumba, amate kapepala pansi, alembepo kuti Orest ndi nambala ya nyumba, alinyamule okha. Mpira udzakhala uli kwa Mayi Loretta. Akadzalibweza lodzaza, sangalalani. Akadzatuma munthu nalo lopanda kanthu, ndi ufulu wawo, ndipo inu mudzakhala chete n'kumawaimbira bambo anu pafupipafupi. Ine ndikadakhala wobetcha ndikadabetcha pa a Orest. Mayi wosafuna munthu sayang'ana kumbuyo kwa wobweza mbale.

Za chipinda ndasungira kumapeto dala. Makina opalira matabwa ndi nkhambakamwa chabe. Bambo anu akukufunsani funso lomwe akuchita nalo manyazi: kodi mwana wangayu amabwerera ine, kapena dzuwa? Mwati dzuwa ndi basela. Ndakumvani, koma kalata yanu yatha ndi chipinda, osati ndi bambo. Funso limenelo siliyankhidwa pa foni. Gulani tikiti ya Julaye. Inde, Julaye, nthawi yomwe kuno kuli kobiriwira, anthu akuwotcha nyama kunyanja, pomwe ku Arizona kumatentha moti chitsulo cha lamba wa m'galimoto chimasupula khungu ndipo alendo onse athawa. Kafikeni pakhomo thukuta lili kamukamu, munene kuti mwabwera kudzawaona. Palibe munthu m'mudzi monsemo amene adzakayike. Mukatero, Januwale adzadzikonza yekha.

Chenjezo langa ndi ili. Mlendo ndi mame, ngakhale atakhala mwana wa mwini nyumba. Mukakafika mu Julayemo, mwina mukapeza mpando wa mayi anu pakhala munthu, kapena nsapato zazing'ono pakhomo. Perekani moni, idyani chomwe apakula, yamikirani. Ndipo mukakaona chilichonse pamwamba pa furiji, ngakhale chikhale chotsukidwa chotani, manja m'thumba.

Aphungu