Chikhoti cha ku Ulaya chapsa

Bambo a Filipo,

Pepani, chikhoti chanu chija chapsa. Ndimachisita kuti mukaoneke bwino ku Ulaya kumene mukufuna kukaphunzira udokotala, ndiye ndinaona kuti mabatani asokedwa kale, ndi ulusi wa kuchipatala. Ine sindinasoke. Ndili mkati moganiza za nesi Emelda, amene akuti nayenso akufuna kukaphunzira komweko, simbi inadya msana wonse. Musati ndachitira dala, makala ndiwo anakwiya.

Ndapita nacho kwa atelala ku Benga, ndipo pobwera ndidzera kwa ankhoswe athu. Mudzawauze nokha chifukwa chake munthu wa imvi, amene wagwira choko zaka zonsezi, akukana sukulu ya zachipatala ya ku Zomba. Mukuti kumeneko mudzangokhala wothandiza dokotala, osati dokotala weniweni. Kodi odwala malungo a ku Liwaladzi amafunsa zimenezo? Ku Zomba ndikhoza kubwera ndi mpunga, n'kuona amene akukuchapirani. Ku Ulaya anthu amatchona.

Mbuzi muzimasule, sizinadye. Chikhoti chibwera ndi chigamba, koma mabatani ndadula onse. Wofuna kusokanso abwere adzandipemphe.

Ine mkazi wanu,
Enelesi