Malemu atate ayamba kulamula pa foni

Aphungu,

Ndine bambo wa ana atatu, woyamba ndi Lulu, ndimagulitsa zitsulo za galimoto kuno ku Kitwe. Atate athu anamwalira chaka chatha. Anachoka ku Katete ali mnyamata, anagwira ntchito mumgodi mpaka msana unakana, kenaka anakakhazikika ku Nkwazi ku Ndola. Amayi adakali m'nyumba yomweyo, okha.

Mlongo wanga Cynthia ali ndi kachizolowezi kamene kafala masiku ano. Amatenga zithunzi zakale nkuziika m'kapulogalamu ka pa foni, anthu a pachithunzipo nkuyamba kuphethira ndi kumwetulira. Anzake a ku ofesi amamubweretsera zithunzi za ukwati wa makolo awo. Tsiku lina anatenga chithunzi cha atate atavala chisoti cha kumgodi, nkuphatikiza ndi mawu awo ochokera m'mauthenga akale a pa WhatsApp. Amene anatuluka ndi atate enieni, ndi kachifuwa kawo komwe, akupereka moni kwa amayi. Amayi sanalire. Anaonera mwachidwi, nkufunsa ngati m'foni muli moto wokwanira kuti aonerenso.

Pamenepo panalibe mlandu. Mlandu unayamba ndi mapilitsi a BP, amene amayi ankamwa tsiku limene afuna. Cynthia analemba mawu, atate nkuwanena: "Chonde, muzimwa mankhwala anu." Kuyambira pamenepo amayi saphonya. Zimene anesi analephera, chithunzi chinatha.

Tsopano tikufuna amayi adzakhale nane kuno ku Parklands. Miyendo ikutupa, ndipo posachedwa anagwa kubafa, anawadzutsa ndi aneba. Amayi akukana. Akuti ku Nkwazi kuli kwaya yawo, kuli anzawo a mphakati, ndiponso manda ali pafupi. Cynthia wakonza kale vidiyo ina, atate akuwauza amayi kuti asamuke. Akufuna aionetse pamaso pa abale tsiku lovundukula chiliza mwezi wamawa, akungodikira kuti ine wamkulu ndivomereze. Anandiuza kuti, "Akulu, ife atikana, koma atate sangawakane."

Chandisokoneza ndi ichi: sindikudziwa ngati amayi amakhulupirira. Nditapita kukawaona anandiuza, nkhope ili gwaa, "Atake Lulu, atate ako ndakhala nawo moyo wanga wonse, sanandiuzepo chonde. Ulemu akauphunzirira kumanda?" Ndinaganiza kuti basi, akudziwa. Koma mkazi wanga Leah anawapeza m'mawa wina atamanga chitenje bwinobwino, akufunsa foniyo ngati yauka bwino, nkuifotokozera mtengo wa makala.

Kodi ndi bodza ngati atate akanakhala moyo akananena zomwezo? Mwina akananena, mwinanso ayi, chifukwa nyumbayo ankaikonda kuposa ife. Ndikakana vidiyo amayi nkugwanso, ndidzayankha chiyani? Kwa wansembe sindinapite, poti sindikudziwa kuti tchimo lotere ndikalitchule dzina lanji.

M.B., Kitwe

A M.B.,

Pepani ndi maliro. Koma vidiyo yachiwiriyo isaonetsedwe, kaya pa chiliza, kaya kuchipinda.

Amayi anu sanasokonezeke. Mkazi amene wachapira mwamuna zovala za kumgodi zaka zonsezo amadziwa mawu amene angatuluke pakamwa pake ndi amene sangatuluke. Za chonde zija anakuuzani dala, kuti mudziwe kuti masewerawa akuwaona. Kulankhula ndi foni m'mawa musadabwe nako. Amasiye akhala akulankhula ndi zithunzi za pakhoma, ena ndi jekete lopachika kuseri kwa chitseko, mafoni asanabwere. Mankhwala akumwa chifukwa n'kokoma kukumbutsidwa ndi nkhope imeneyo, osati chifukwa akuganiza kuti kumanda kuli netiweki.

Kusamuka ndi nkhani ina. Mapilitsi ankadziwa kale kuti ayenera kumwa. Nyumba anena poyera kuti sakufuna kuisiya, ndiye inu mukufuna kubwereka pakamwa pa munthu amene sangadzikanire kuti muwagonjetse. Muchite zimenezo pamaso pa abale, amayi adzakhala ndi njira ziwiri: kutsutsa mwamuna wawo pagulu pa tsiku la chiliza chake, kapena kukhala chete nkulongedza katundu. Akasankha yachiwiri, mudzakhala ndi mayi ku Parklands amene sadzakhulupiriranso chilichonse chotuluka m'manja mwanu.

Muimbireni Cynthia sabata ino. Musamudzudzule ngati wakuba, luso lake ndi labwino ndipo anayamba ndi chikondi. Mungomuuza kuti atate asanenenso mawu amene sananene ali moyo. Ngati akufuna kuonetsa kanthu pa chiliza, asonkhanitse zithunzi ndi mauthenga enieni aja, ngakhale amene atate akukalipira za mabandulo a pa foni. Amenewo ndiwo abale adzaseke nawo, nkulira nawo.

Mukatero kwerani basi mupite ku Ndola nonse awiri. Mukawauze amayi ndi pakamwa panu kuti vidiyo ya mankhwala munalemba ndinu. Mudzaona kuti sadzadabwa. Kenaka munene chimene chikukudyani, chomwe m'kalata yanu mwachizungulira: mukuopa kuti adzagwa popanda wowaona. Mawu amenewo sanawamve kwa inu, amva zoti asamuke basi. Muwafunse kuti iwo akuganiza kuti pachitike chiyani. Mwina n'chitsulo chogwirira kubafa ndi wachibale wogona nawo. Mwina n'kubwera kwa inu nyengo ya mvula yokha, nkubwerera ku kwaya yawo. Za miyendo yotupayo musadikire chiliza, apite kuchipatala tsopano. Akakanabe kusamuka, ndi munthu wamkulu, nyumba ndi yawo.

Chenjezo langa ndi ili. Mukangolola kuti m'banja mwanu wakufa azigamula milandu kudzera pa foni, dziwani kuti foni siili ndi Cynthia yekha. Abale a atate anu ku Katete nawonso ali ndi ana odziwa kudinadina, ndipo nyumba ya ku Nkwazi akuidziwa bwino. Tsiku limene malemu adzatulukire pa foni ya kumeneko akugawa chuma, inu mudzawatsutsa ndi pakamwa pati?

Aphungu