Mpando wa Kumanzere kwa Ejnar

Skive, 9 Febuluwale

Wokondedwa mng'ono wanga Solvej,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Nuuk, ndipo chifuwa cha mwamuna wako Malik chinatha. Ine ndilipo. Ndimadya, ndimagona, basi ya 9 koloko yopita kumene kuli mlamu wako sindiiphonya.

Mlamu wako Ejnar anatuluka m'chipatala chachikulu. Tsopano ali kumene amaphunzitsa odwala sitiroko kuyenda ndi kudzisamalira. Mwendo ukubwerera. Pakamwa ndiye sipanadwale n'komwe: amauza anamwino kuti khofi wawo ndi madzi otsukira makapu.

Chimene sindinakuuze pafoni ndi ichi. Chilichonse cha kumanzere kwake sachiona. Maso ndi abwinobwino, akuti ubongo ndi umene unaiwala mbali imeneyo. Amadya theka la mbale n'kumadandaula kuti mbatatesi zachepa. Amameta tsaya limodzi.

Poyamba ndinkamutembenuzira mbale. Gitte, mayi amene amamuphunzitsa, anandiletsa. Anati ndizikhala kumanzere kwake osalankhula, mpaka aphunzire kutembenuza mutu n'kundifunafuna yekha. Akadzandipeza katatu, akuti abwera kunyumba.

Pampando umenewo ndakhalapo masabata asanu ndi awiri. Lachiwiri Ejnar anafunsa namwino ngati nkhalamba yake yamuthawa, ine ndili phee pomwepo, juzi yake ili pamiyendo panga. Namwino anachita manyazi. Ine mumtima simunamveke kanthu.

Solvej, ndikuuze zoona: pampandopo ndi pamene ndimapuma. Palibe wondiitana, palibe wondifunsa za mankhwala. Kunyumba kudzakhala ine ndekha, masitepe khumi ndi anayi aja, ndi bambo wolemera makilo 90.

Dzulo mutu wake unayamba kutembenuka pang'onopang'ono. Ine ndinakankhira mpando kumbuyo mwakachetechete kuti asandione. Gitte sanazindikire. Koma Ejnar anandipezabe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Vibeke iwe, wadula tsitsi? Lakukhalatu." Ndinalidula mu Disembala. Gitte anawomba m'manja, nati kamodzi ndi kameneko.

Kwatsala kawiri.

Chonde bwera, ngakhale mwezi umodzi wokha. Sindikukupempha kuti udzamunyamule kapena kumusambitsa. Udzangokhala pambali panga n'kugwira mpandowo kuti ndisaukankhenso.

Upereke moni kwa Malik ndi ana. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mkulu wako,
Vibeke